Makoma a Giotto ndi Thumba la Scrovegni

Sabata ino gawo ndi langa, ndipo ndasankha kukamba za zithunzi m'malo mwa ndakatulo ndi nthano zomwe tazolowera. Alakatuli musakwiye, mnzanu mmodzi alimo m'nkhaniyi.

Zithunzi zake zili pa makoma a katchalitchi kena mumzinda wa Padua, kumpoto kwa Italy, kufupi ndi Venice. Anazijambula ndi Giotto di Bondone wa ku Florence, pakati pa 1303 ndi 1305. Ine ndaziona pafoni, nditakhala pabenchi yanga ya tomato ndi anyezi, nthawi ija yamasana makasitomala akazilala. Ndakhala nazo milungu itatu, kumazikulitsa ndi zala mpaka bandulo kutha, ndipo zandisiya ndi mitima iwiri. Mtima wina ukuti munthu wojambula chisoni molondola chonchi sindinamuonepo. Mtima wina ukuti ndalama zomwe zinalipira zonsezi zinali za katapila, ndipo ukayang'anitsitsa umaona pamene ndalamazo zinagwira mkono wa wojambula. Lero ndikufuna ndiike zonse ziwiri pasikelo.

Tiyambe ndi mwini thumba, pakuti kumsika sitipikula katundu tisanadziwe komwe wachokera. Katchalitchika anamangitsa ndi Enrico Scrovegni, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri mu Padua. Bambo ake, Reginaldo, anapanga chuma pokongoza ndalama pa chiwongoladzanja, ndipo Enrico nayenso ankachita bizinesi yomweyo. Masiku amenewo Mpingo unkatenga zimenezi ngati tchimo lalikulu. Msonkhano wa mabishopu wa ku Lateran ku Rome mu 1179 unalamula kuti wakatapila wodziwika asalandire Mgonero, ndipo akafa asanalape asaikidwe m'manda mwachikhristu. Msonkhano wina ku Lyon mu 1274 unalimbitsanso lamulolo. Ndiye kuti a Scrovegni anali ndi ndalama zankhaninkhani koma dzina lonunkha.

Apa ndi pomwe mlakatuli akulowera. Dante Alighieri, wa ku Florence komweko, polemba ulendo wake wa ku Gehena m'buku lija la Divine Comedy, anaika akatapila pa mchenga wotentha, moto ukuwagwera ngati mvula, aliyense ali ndi kathumba m'khosi kokhala ndi chizindikiro cha banja lake. Pa chigawo cha 17 pali munthu wa ku Padua amene kathumba kake n'koyera, kojambulidwa nkhumba yaikazi ya buluu. Chimenecho chinali chizindikiro cha a Scrovegni, ndipo ofotokoza bukuli kuyambira kale amati ameneyo ndi Reginaldo. Dante sanamutchule n'komwe dzina, anangoonetsa nkhumbayo basi. Zaka 700 zadutsa, ife tikuwerengabe. Mlandu suola ndithu.

Mu 1300 Enrico anagula malo pomwe panali mabwinja a bwalo lamasewero la Aroma akale, n'chifukwa chake katchalitchika ena amakatcha Arena Chapel. Pamalopo panali nyumba yake yaikulu, ndipo pambali pake anaika katchalitchi koperekedwa kwa Maria Virigo. Mu March 1304 Papa Benedict XI analengeza chikhululukiro cha zilango za machimo kwa odzapemphera mmenemo, ndipo pa 25 March 1305 kanadalitsidwa. Koma si onse anaomba m'manja. Mu January 1305 amonke otchedwa Eremitani, omwe tchalitchi chawo chili pafupi pomwepo, anakadandaula kwa akuluakulu a dayosizi kuti munthuyu analoledwa kumanga kanyumba kopemphereramo banja lake, koma iye wamanga chinthu chodzionetsera, ndi nsanja ya belu yomwe. Anansi amaona zambiri, eti.

Mpaka lero akatswiri a mbiri sagwirizana pa cholinga cha Enrico. Anne Derbes ndi Mark Sandona amawerenga makomawa ngati kulapa kwa wakatapila. Chiara Frugoni wa ku Italy ankati ayi, Enrico sankadziona ngati wochimwa, ankafuna ulemu ndi kutchuka mumzinda. Ine ndikuganiza kuti zonse ziwiri zimatha kukhala mumtima umodzi, ndipo ndikutero poti ndinaonapo. Chaka china tomato wanga anaolera m'galimoto itafa panjira, mpamba wonse n'kupita. Ndinakatenga katapila kwa bambo ena, kubweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Nditachedwa masiku anayi anabwera n'kunyamula matilesi ndi wailesi, ana akuona. Bambo omwewo tsiku la chopereka kutchalitchi amakhala oyamba kuimirira, ndipo akamaimba amalira misozi yeniyeni. Sindikhulupirira kuti amanamizira. Amafuna Mulungu awakhululukire, amafunanso mpingo wonse uone. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, ndipo munthu wa bizinesi amadziwa kuika pomwe pali phindu.

Tsopano tilowe mkati. Ndi chipinda chimodzi chachitali, mamita pafupifupi 21 m'litali ndi 8 m'lifupi. Denga lake ndi la buluu, lodzaza nyenyezi zagolide. M'makoma muli mizere itatu ya zithunzi zoposa 30 zoyenda motsatana ngati machaputala: moyo wa Yowakimu ndi Anna, makolo a Maria, moyo wa Maria, kenako wa Yesu mpaka tsiku la Pentekoste.

Giotto asanabwere, ojambula ambiri a ku Italy ankatsata kajambulidwe kochokera ku Byzantium. Kumbuyo kwa oyera kunkakhala golide yekhayekha, nkhope zikukuyang'ana mosagwedezeka, matupi ali ngati alibe kulemera. Sikuti anthuwo analibe luso ayi. Cholinga chawo chinali kukuonetsa kumwamba, komwe kulibe fumbi kapena kutopa. Giotto anawatsitsa oyerawo n'kuwaimika pansi. Anthu ake ali ndi misana, mapewa ndi makosi onenepa, ndipo akakhala umachita kuona kuti pansipo palemedwa. Dante yemwe uja analembanso kuti kutchuka komwe kunali kwa Cimabue, katswiri wa m'badwo wam'mbuyo, kwapita kwa Giotto.

Kagwiridwe ka ntchitoyi n'kofanana ndi malonda a zinthu zoola. Amisiri ankamata pulasitala wa laimu pakhoma, kachigawo kokwana ntchito ya tsiku limodzi, ndipo wojambula ankayenera kupaka utoto pulasitalayo asanaume kuti utotowo ulowerere n'kusanduka khoma lenilenilo. Ukachedwa kapena kulakwitsa, ugumule n'kuyambiranso. Njirayi amaitcha fresco. Utoto wa buluu sunkagwirizana ndi laimu wonyowa, choncho ankaupaka pouma, n'chifukwa chake m'malo ena, monga pa chovala cha Maria pa chithunzi cha kubadwa kwa Yesu, unasupuka. Wa tomato aliyense amvetsa zimenezi: katundu wa lero atuluke lero.

Chithunzi choyamba kundigwira ndi cha Yowakimu. Nkhani yake sichokera m'Baibulo koma m'mabuku akale a Akhristu ofotokoza za makolo a Maria. Mkuluyu wathamangitsidwa m'Kachisi, nsembe yake yakanidwa chifukwa alibe mwana. Pa chithunzi chotsatira akuyenda kupita kwa abusa a nkhosa zake, wazyolika, wadzikulunga m'chovala mpaka manja osaoneka. Kagalu kakumudumphira mokondwa, iye sakukaona n'komwe. Ndiye taonani abusa awiri aja. Sakuyang'ana bwana wawo, akuyang'anizana okhaokha cham'mbali. Kuyang'anizana kumeneko ndikukudziwa. Ndi kuja timachita pabenchi akamadutsa mnzathu amene walandidwa katundu: palibe wolankhula, koma tonse tamva kale. Pa chithunzi chomaliza cha mzere umenewu, Yowakimu ndi Anna akukumana pa chipata cha Yerusalemu atalonjezedwa mwana. Nkhalamba ziwiri zikupsompsonana, dzanja la Anna lili pa ndevu za mwamuna wake, amayi oima pambuyo akumwetulira, koma mmodzi wovala zakuda wabisa theka la nkhope. Pachisangalalo chilichonse pamakhala mmodzi wotero, ndipo Giotto sanamusiye.

Diso limeneli lili paliponse. Pa ukwati wa ku Kana, mkulu wolawa vinyo ali ndi mimba yofanana ndendende ndi mitsuko yomwe ili patsogolo pake, ndinaseka ndekha mpaka woyandikana naye kundifunsa. Pa kuphedwa kwa ana ku Betelehemu, ukakulitsa chithunzi umaona mizere ya misozi pa masaya a amayi. Pa kugwidwa kwa Yesu, m'mwamba mwadzaza nthungo, zibonga ndi miuni, wina akuimba lipenga, Petulo akudula khutu la munthu, koma pakati pa phokoso lonselo pali bata. Yudasi wafunditsa Yesu ndi chovala chake chachikasu mpaka thupi la Yesu pafupifupi lonse labisika, milomo waisongola, ndipo awiriwa akuyang'anana m'maso. Yesu sakuoneka wokwiya. Akungomuyang'ana ngati munthu amene ukumudziwa bwino lomwe, ndipo nkhope ya Yudasi ikuoneka kuti yazindikira kuti yadziwika.

Koma chachikulu pa zonse kwa ine ndi cha kulira mtembo wa Yesu atautsitsa pamtanda. Maria wakumbatira khosi la mwana wake, nkhope yake yayandikira kwambiri, ngati akufunafuna mpweya wotsala. Maria wa ku Magadala wakhala pansi, wagwira mapazi obooledwa aja modekha. Yohane wawerama, manja wawaponyera kumbuyo ngati munthu amene wamenyedwa pachifuwa. Kumanja kwaima abambo awiri achikulire, chisoni chawo achimeza, monga amachitira amuna pamaliro. Kumbuyo kuli thanthwe lotsetsereka lochokera pa mtengo wopanda masamba, ndipo limatsogolera diso lako mpaka pa mitu iwiri ija, ya mayi ndi mwana. Kumwamba kuli angelo khumi, koma si angelo odekha amene tazolowera pa makalendala. Wina akudzikanda kumaso, wina wapindikira chagada, wina watambasula manja akukuwa. Wolira samugwira pakamwa, ngakhale akhale mngelo.

Ndipo patsogolo penipeni pali anthu awiri okhala pansi amene atifulatira. Nkhope zawo sitiziona, timangoona misana yofunda nsalu. Aliyense amene analowapo m'nyumba ya siwa akudziwa kuti chimene umayamba kuona ndi misana ya amayi ozungulira mtembo, ndipo umafuna pokhala kumbuyo kwawo. Giotto watisiyira malo amenewo. Ojambula akale ankatiika patsogolo pa oyera kuti tiwapembedze. Uyu watilowetsa m'maliro ngati anamalira anzawo. Pa ichi chokha ndikumupatsa ulemu wake wonse.

Tsopano mbali ina ya sikelo. Monga wamalonda, ndinathamangira kuona mmene anajambulira Yesu akuthamangitsa ochita malonda m'Kachisi. Yesu wakweza chibakera, tebulo lagubuduzika, ziweto zikuthawa, kamwana kena kabisa nkhope m'chovala cha mtumwi, kena kafumbata nkhunda. Ndi chithunzi chamoyo zedi. Koma taonani amene ali kutsogolo kwa chibakeracho: munthu wonyamula kakhola ka mbalame. Mauthenga Abwino amatchula osintha ndalama ndi ogulitsa nkhunda, koma diso lako pano limagwera pa wa mbalame ndi ziweto, munthu ngati ine ndi inu a kumsika. Izi sizachilendo. Tsiku lothamangitsa mavenda m'tauni, wothawa ndi dengu pamutu ndi mayi wa nthochi. Amene anamukongoza mpamba amakhala ali phee kunyumba, akudikira tsiku lake.

Ndisanamize Giotto, nkhani ya ndalama sanaibise. Chithunzi chotsatira ndi cha Yudasi akulandira thumba kwa ansembe, chiwanda chakuda chitamugwira kumbuyo. M'Gehena wa pa khoma lakukhomo muli anthu opachikidwa ndi matumba awo a ndalama. M'munsi mwa makoma awiri aatali muli zithunzi 14 zopanda mitundu yowala, zooneka ngati zosema pamwala: makhalidwe abwino asanu ndi awiri mbali ina, oipa asanu ndi awiri mbali inayo, lililonse kuyang'anizana ndi mdani wake. Chikondi ndi mtsikana wonyamula mbale ya zipatso ndi maluwa, dzanja lina lakweza mtima kwa Mulungu, ndipo mapazi ake aponda matumba a ndalama. Mpaka apa palibe chodandaula.

Koma funsani kuti moyang'anizana ndi Chikondi mwaima ndani. Oipa asanu ndi awiri aja ndi Uchitsiru, Kusakhazikika, Mkwiyo, Kusalungama, Kusakhulupirira, Nsanje ndi Kutaya Mtima. Werenganinso. Umbombo mulibe. M'katchalitchi komangidwa ndi banja lotchuka ndi katapila, tchimo la kukonda ndalama silinapatsidwe malo akeake. Mdani wa Chikondi ndi Nsanje: nkhalamba ya nyanga ndi khutu lalikulu lomvera za eni, yaima pamoto, njoka ikutuluka m'kamwa mwake n'kupotoloka kudzailuma m'maso. Kunena zoona, chithunzichi n'champhamvu, ndipo pa nsanje chanena zenizeni, kuti imayamba kudya mwini wake. Ena amati umbombo ulimo ndithu, poti nkhalambayo yafumbata thumba la ndalama, ndipo Yudasi alipo kale. Ndamva, koma dzina lolembedwa pamwamba pa chithunzicho ndi Invidia, kutanthauza nsanje. Tsono ndani amene amapindula tchimo likasinthidwa dzina chonchi? Nditadandaula za matilesi anga aja, yankho lomwe linandipeza kudzera mwa anthu linali lakuti mayi ameneyo ndi wansanje chabe. Amonke aja atadandaula za nsanja ya belu, sindikukayika kuti kunyumba ya Scrovegni kunamveka mawu ofanana. Wolemera akamalemba mndandanda wa machimo, lake limasowa, la omuyang'ana ndi lomwe limajambulidwa ndi njoka.

Kenako tembenukirani kukhomo, poti aliyense wotuluka ayenera kudutsa pansi pa chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza chomwe chadzaza khoma lonse. Yesu ali pakati, opulumuka kudzanja lake lamanja, otayika kumanzere komwe Satana wamkulu akumeza anthu. Pansi pa mtanda, cha pamwamba pa chitseko, pagwada Enrico Scrovegni, ali mbali ya opulumuka. Akupereka kachifanizo ka katchalitchi komweka kwa Maria, wansembe wina atakasenza paphewa, ndipo Maria watambasula dzanja kwa iye. Mlandu sunazengedwe, koma munthu wadzijambulitsa kale ali kumbali yabwino. Kwa ine chimenechi ndi lisiti, lolembedwa mwaluso kuposa malisiti onse padziko, koma lisiti ndithu.

Kodi tim'dzudzule Giotto? Pang'ono. Pa ntchito zotere wojambula sankasankha yekha mitu. Mwini ndalama ndi ansembe omulangiza ankakhala ndi mawu. Komanso Giotto sanali mmphawi woponderezedwa. Zikalata za ku Florence zikusonyeza kuti ankabwereketsa zipangizo zowombera nsalu molipiritsa, ndipo ankatsatira anthu amene anali naye ngongole. Ankalidziwa bwino dziko la ndalama, ndipo ankadziwa chala chomwe sayenera kuponda. Chomwe chikundidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, wosamala chonchi pa nkhani ya thumba, pa nkhani ya manyazi, chinyengo ndi imfa sananyengerere aliyense.

Enrico sanakhalitse mumtendere. Mikangano ya ndale ndi banja la Carrara inamuchotsa mu Padua, ndipo anafera ku Venice mu 1336. Manda ake ali m'katchalitchi komweka, kuseri kwa guwa. Giotto anamwalira mu 1337. Nyumba yaikulu ija inagumulidwa mu 1827, ndipo mu 1880 mzinda wa Padua unagula katchalitchika. Pa 11 March 1944 mabomba a nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anagwera tchalitchi cha Eremitani chija n'kuphwanya zithunzi za Andrea Mantegna, koma makoma a Giotto, omwe ali pafupi pomwepo, anapulumuka. Lero ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2021, ndipo alendo amalowa m'timagulu, atayamba adikira m'chipinda chapadera kuti chinyezi ndi fumbi zakunja zisaononge utoto. Amapita kukaona Giotto, koma tikiti imanena dzina la Scrovegni. Pa bizinesi zonse zomwe Enrico anachita, imeneyi ndiyo ikubwezabe chiwongoladzanja.

Sikelo yanga yaima motere. Zithunzizi n'zazikulu, ndipo kudziwa komwe ndalama zinachokera sikuchotsa msozi ngakhale umodzi pa masaya a amayi a ku Betelehemu. Koma ukulu wake usatitseke pakamwa. Ndingathe kukhala kumbuyo kwa misana iwiri ija n'kulira nawo, kenako n'kudzuka kukawerenga machimo pakhoma n'kupeza kuti limodzi lasowa. Ndaona kuti kuwerenga bwino ntchito ya luso kumafuna zonse ziwiri.

Ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife a m'gulu lino. Ambiri timalemba pa mipikisano yolipiridwa ndi makampani kapena mabungwe, anzathu oimba ndi alakatuli amaitanidwa pa misonkhano ya akuluakulu, ndipo palibe cholakwika, mimba siidya kuomba m'manja. Koma aliyense wa ife abwerere ku nkhani yake yomwe inapambana mphoto, awerenge machimo omwe anadzudzulamo. Uhule ulimo, uchidakwa ulimo, ufiti ndi nsanje zilimo. Nanga la mwini thumba lili pa tsamba liti?

Amene muli ndi bandulo, sakani mawu akuti Giotto Lamentation, kenako Giotto Invidia, muziyang'ane nokha musanandiyankhe. Makamaka ndikufuna ndimve kwa inu a zaumulungu ndi aphunzitsi a mbiri: kodi kuika Nsanje m'malo mwa Umbombo kuli ndi chifukwa china chomwe ine wa pabenchi ndachiphonya? Ndikhala ndikuwerenga madzulo ndikaweruka kumsika.